Philo Farnsworth, Mnyamata Amene Anaona TV M'mizere ya M'munda

Sabata ino ndi nthawi ya ife a Fomu 2 kulemba mbiri ya munthu wotchuka amene anamwalira kalekale. Ndikudziwa kuti ambiri mumayembekezera John Chilembwe kapena Nelson Mandela, koma amenewo a Fomu 3 anawalemba kale teremu yatha. Ine ndasankha munthu wa ku America amene dzina lake mwina simunalimvepo, chonsecho Loweruka lililonse ena a inu mumathamangira ku vidiyo shoo kukaonera mpira pa chinthu chimene iyeyo anachivutikira moyo wake wonse. Dzina lake ndi Philo Farnsworth. Nkhaniyi ndi yaitaliko ndithu, ndiye chonde wina asamatule pepala limodzi kukakulungira zitumbuwa anzake asanamalize kuwerenga.

Dontho la madzi

Chinandiyambitsa ndi dontho la madzi. Amjomba anga anabwera kuchokera ku Joni ndi foni yaikulu. Tsiku lina m'mawa tili kudoko kudikira mabwato a usipa, anandipatsa foniyo kuti ndiwagwirire, ndiye madzi a m'manja mwanga anadonthera pa sikirini. M'malo mopukuta, ine ndinasuzumira. M'kati mwa dontholo, pamalo pamene panali poyera, munkaoneka timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu titandandalikana bwinobwino ngati maso a ukonde. Mtima unagunda, ndimvekere basi ndaononga foni ya eni ake.

Lolemba ndinakawafunsa aphunzitsi athu a Fizikisi. Anaseka, n'kundiuza kuti foni ili bwinobwino, dontholo linangogwira ntchito ngati galasi lokuzira zinthu. Chithunzi chilichonse cha pa foni, pa kompyuta kapena pa TV za masiku ano chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo. Kawirikawiri pikiselo imodzi imakhala ndi tizigawo titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Tonse tikawala mwamphamvu diso limaona zoyera, tikazima limaona zakuda, ndipo mitundu ina yonse imabwera posakaniza titatu timeneti. Sikirini imene amaitcha Full HD ili ndi mizere 1,080, mzere uliwonse mapikiselo 1,920. Ndinachulukitsa kumbuyo kwa kope langa ndipo ndinapeza 2,073,600. Pagalasi limodzi lokha!

Kenako aphunzitsi anawonjezera kuti timadonthoti tisanabwere, TV inkajambula chithunzi ndi mizere ya kuwala, ndipo mmodzi mwa anthu amene anayambitsa zimenezi anali mwana wasukulu wa msinkhu wangawu, wakumudzi, wolima. Anandibwereka foni yawo pa buleki masiku angapo kuti ndiwerenge ndekha. Zimene ndinapeza ndi izi.

Ubwana wake

Philo Taylor Farnsworth anabadwa pa 19 Ogasiti 1906 pafupi ndi tauni ya Beaver m'chigawo cha Utah ku America, m'nyumba ya mitengo yopanda magetsi. Makolo ake, bambo Lewis ndi mayi Serena, anali alimi. Mu 1918 banjali linasamukira ku famu ya wachibale wawo pafupi ndi Rigby m'chigawo cha Idaho, ndipo kumeneko Philo anapeza zinthu ziwiri zimene zinamutsegula mutu.

Choyamba chinali jenereta yoyatsa magetsi pafamupo. Inkafa pafupipafupi, ndipo mnyamatayu anaiphunzira mpaka kumaikonza yekha. Anatolanso mota yakale yakupsa, n'kuikonza, n'kuilumikiza ku makina ochapira zovala a mayi ake amene poyamba ankapukusidwa ndi manja. Chachiwiri chinali mulu wa magazini akale a sayansi amene anawapeza kudenga kwa nyumbayo. M'magaziniwo anawerenga kuti akatswiri akuyesa kutumiza zithunzi patali ngati mmene wailesi imatumizira mawu. Ambiri ankadalira chimbale choboolaboola chozungulira, nzeru imene Paul Nipkow wa ku Germany anaitulukira mu 1884. Philo anaona kuti chimbale sichingazungulire mwaliwiro lokwanira kupereka chithunzi chooneka bwino. Pamafunika chinthu chothamanga kwambiri koma chopanda kulemera.

Nkhani imene iye ndi banja lake ankafotokoza ndi yakuti mu 1921, ali ndi zaka 14, ankalima m'munda ndi akavalo, kupita uko n'kubwerera, kupita uko n'kubwerera. Atacheuka anaona mizere itagona motsatizana. Inu amene munagaulapo mu Okutobala mukudziwa bwino: munda sumatha tsiku limodzi ndi khasu limodzi lalikulu ayi. Umamaliza mzere umodzi, n'kuyamba wina, ndipo pamapeto pake wodutsa panjira amaona munda wathunthu. Philo anaganiza kuti chithunzinso chikhoza kudulidwa m'mizere, mzere uliwonse n'kusandutsidwa mphamvu ya magetsi, n'kutumizidwa, ndipo kutsidya kwinako n'kujambulidwanso mzere ndi mzere. Wogwira ntchitoyo akhale maelekitironi, chifukwa amathamanga kwambiri ndipo maginito amatha kuwakhotetsa. Zikachitika mwaliwiro, diso limapusitsika n'kuona chithunzi chathunthu, monga mmene chikuni chamoto chimaonekera ngati mkombero ukachizunguza usiku.

Mu 1922, ali ndi zaka 15 ngati ineyo, anakafotokozera nzeru imeneyi mphunzitsi wake wa Kemisitiri pa Rigby High School, bambo Justin Tolman. Anajambula pabolodi anzake ataweruka, ndipo chojambulacho chinasungidwanso papepala. A Tolman sanalitaye pepalalo. Mulikumbukire pepala limeneli, tikumana nalonso kutsogoloku.

Umasiye ndi chithunzi choyamba

Banja lawo linabwerera ku Utah, mu mzinda wa Provo, ndipo mu 1924 bambo ake anamwalira ndi chibayo. Philo anali woyamba kubadwa kwa mayi ake, ndiye udindo wonse unagwera iye. Analowako ku Brigham Young University koma sanamalize chifukwa cha ndalama. Anakhala akukonza mawailesi ndi kugwira maganyu. Apa ambiri a ife tikanati basi, sukulu yatikana, za TV zija zinali maloto a pamphasa.

Mu 1926 ku Salt Lake City anakumana ndi amuna awiri, George Everson ndi Leslie Gorrell, amene atamva nzeru zake anaikapo madola 6,000. Chaka chomwecho mu Meyi anakwatira Elma Gardner, amene ankamutcha Pem. Anakakhazikitsa malo oyeserera pa 202 Green Street mu mzinda wa San Francisco. Mlamu wake Cliff Gardner anaphunzira kuumba machubu agalasi pamoto, ndipo Pem anaphunzira kujambula mapulani a zipangizo.

Chubu chimene Philo anapanga anachitcha image dissector, kutanthauza chodula chithunzi. Kuwala kochokera pa chinthu chojambulidwa kumagwera pa kachitsulo kopakidwa mankhwala. Pamene pagwa kuwala kwambiri pamatuluka maelekitironi ambiri, pamdima pamatuluka ochepa. Ndiye kuti m'kati mwa chubu mwabadwa chithunzi chamagetsi chosaoneka ndi maso. Maginito amachisuntha chithunzicho mzere ndi mzere kudutsa pa kabowo kakang'ono, ndipo zolowa pakabowopo ndi zimene zimatumizidwa.

Pa 7 Seputembala 1927 zinatheka. Anaika galasi lokhala ndi mzere umodzi woongoka kutsogolo kwa chubu m'chipinda china, ndipo mzerewo unaoneka pa sikirini m'chipinda chinacho. Atatembenuza galasi, mzere wa pa sikirini unatembenukanso. Mzere umodzi basi, osati mpira, osati filimu, koma munalibe chimbale chodula chithunzi. Anali ndi zaka 21. Mu Seputembala 1928 anaonetsa makinawo kwa atolankhani.

Kodi patenti n'chiyani?

Apa ndiime kaye ndinene za ine. Chaka chatha ndinatola timababu ta m'matochi akufa, n'kutimangirira pa chivindikiro cha ndowa, n'kutilumikiza ku batire yakale ya njinga yamoto, kuti ikhale nyali yoitanira usipa. Ndinaonetsa mnyamata wina wamkulu kudoko. Patapita sabata ziwiri anapanga yake n'kumauza aliyense kuti nzeruyo ndi yake, ine ndangomuonera. Ndinakwiya mpaka kulira, koma anthu atandifunsa umboni ndinalibe. Sindinalembe paliponse, sindinaonetse munthu wamkulu aliyense. Ndipo pano ndikuvomereza kuti ngakhale ineyo sindinali woyamba, asodzi anayamba kale kugwiritsa ntchito nyali zamabatire m'malo mwa zaparafini. Nkhani ya Philo inandikhudza chifukwa cha zimenezi.

Patenti ndi chikalata chimene boma limapereka kwa munthu wotulukira luso latsopano. Iwe umalemba poyera mmene chinthu chako chimagwirira ntchito, osabisa kanthu, ndipo boma limakupatsa zaka zowerengeka zoti wina asapange kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo chako. Zakazo zikatha, lusolo limakhala la aliyense. Koma chikalatachi sangokupatsa ngati lisiti ya pagolosale. Pali akatswiri ounika mapatenti amene amawerenga pempho lako mzere ndi mzere. Amafufuza m'mapatenti akale ndi m'mabuku kuona ngati chinthucho n'chatsopanodi. Amaona ngati si chinthu choti mmisiri aliyense akanachiganiza mosavuta. Amaonanso ngati chingagwire ntchito, ndiponso ngati walemba momveka moti katswiri wina akhoza kuchipanga potsatira zolemba zakozo. Nyali yanga ija ikanagwa pa funso loyamba lomwe. Musaiderere ntchito younikayi: Albert Einstein anaigwira ku Bern m'dziko la Switzerland kuyambira 1902 mpaka 1909.

Philo anachenjera. Anapereka pempho lake pa 7 Januwale 1927, miyezi isanu ndi itatu mzere uja usanaoneke. Ounika anakhala nalo zaka zoposa zitatu, ndipo pa 26 Ogasiti 1930 anamupatsa patenti nambala 1,773,980. Masiku amenewo ku America patenti inkakhala zaka 17.

Mlandu ndi kampani yaikulu

Nthawi imeneyo kampani ya RCA, yotsogozedwa ndi David Sarnoff, ndi imene inali ndi mphamvu pa zamawailesi ku America, ndipo makampani ena ankailipira kuti agwiritse ntchito mapatenti ake. TV inkaifunanso chimodzimodzi. Inali ndi katswiri wake, Vladimir Zworykin wobadwira ku Russia, amene anapereka pempho la patenti ya TV mu 1923 akugwira ntchito ku Westinghouse, koma pempholo linali lisanavomerezedwe. Mu Epulo 1930 Zworykin anakacheza ku Green Street ndipo Philo anamuonetsa zonse. Mu 1931 RCA inafuna kugula mapatenti a Philo ndi madola 100,000. Iye anakana, n'kupita kukagwira ntchito ndi kampani ya Philco ku Philadelphia. Ali kumeneko, mu 1932, mwana wake wamng'ono Kenneth anamwalira ndi matenda a pakhosi, ndipo Pem anaperekeza maliro ku Utah mwamuna wake atatsala kuntchito. Ife kuno bambo kulephera kukaika mwana wake, mudzi wonse ungadabwe.

Kugula kutakanika, nkhani inakafika ku ofesi ya mapatenti. Lamulo la ku America pa nthawiyo linkati anthu awiri akalimbirana luso limodzi, mwini wake ndi amene anayamba kulitulukira. RCA inati 1923 imabwera 1927 isanafike, ndiye Zworykin ndi woyamba. Mbali ya Philo inati nzeruyo anali nayo kale mu 1922. Ndani akanakhulupirira kuti mwana wa zaka 15 wakufamu angaganize zoterozo? Apa m'pamene anakafunafuna a Tolman. Mphunzitsi uja anabwera kudzachitira umboni, n'kuonetsa chojambula cha mwana wasukulu chimene anachisunga zaka zoposa khumi.

Koma musaganize kuti ounika anangomva chisoni ndi pepala lakale. Iwo anayang'ana kwambiri zimene zinalembedwa m'mapempho awiriwo. Pempho la Philo linafotokoza momveka za chithunzi chamagetsi chija ndi mmene chimadulidwira. Ounika anapeza kuti pempho la Zworykin la mu 1923 silinafotokoze chipangizo chochita zimenezo, ndipo mbali yake sinabweretse chubu cha nthawiyo chogwira ntchito kuti chikhale umboni. Mu 1935 ofesi ya mapatenti inagamula kuti pa mfundo imeneyi woyamba ndi Farnsworth. RCA inachita apilo koma inagonjanso. Mu Seputembala 1939 inavomera kulipira madola 1,000,000 m'zaka khumi, kuphatikizapo ndalama za chilolezo. Kampani imene inazolowera kulandira inayamba kupereka. Akuluakulu sananame, mlandu suola.

Kunena chilungamo, Philo sanapange TV yekha. John Logie Baird anali ataonetsa kale TV ya chimbale ku London mu 1926. Chubu cha Philo chinkafuna kuwala kwambiri moti ojambulidwa ankatuluka thukuta ndi kutentha kwa mababu, pamene chimene Zworykin anadzapanga pambuyo pake, chotchedwa iconoscope, chinkaona bwino pa kuwala kocheperapo. TV inamangidwa ndi manja ambiri. Ntchito ya ounika inali kulekanitsa kuti njerwa iyi anaumba ndani, iyo anaumba ndani.

Kupambana kowawa

Mwina mukuti ndiye analemera basi. Ayi. Mu Epulo 1939, pa chionetsero chachikulu cha ku New York, amene anaimirira kulengeza za TV kwa anthu anali Sarnoff, ndipo ambiri anangodziwa dzina la RCA. Kenako kunabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo kuyambira 1942 mafakitale a ku America anasiya kupanga ma TV n'kuyamba zida zankhondo. Zaka za patenti zinapitiriza kuwerengedwa, sizinadikire kuti nkhondo ithe. Mu 1947 patenti yake yaikulu inatha, nthawi yeniyeni imene mabanja anayamba kugula ma TV mwaunyinji. Zili ngati kuluka ukonde chaka chonse, n'kung'ambika usiku umene usipa wabwera.

Philo anadwaladwala, anavutika maganizo, ndipo anayamba kumwa mowa kwambiri. Kampani yake ya ku Fort Wayne m'chigawo cha Indiana inagulidwa ndi ina yotchedwa ITT. Mu 1957 anaonekera pa pologalamu ina ya pa TV imene anthu ankayenera kulota chimene mlendo anachita pa moyo wake. Palibe amene analota. Anamupatsa madola 80 ndi katoni ya ndudu. Zaka zake zomaliza anazithera pofufuza njira yatsopano yopangira mphamvu ya magetsi kuchokera ku maatomu, koma ndalama zinamuthera. Mu Julayi 1969 iye ndi Pem anaonera pa TV anthu akuponda pamwezi, ndipo Pem anafotokoza pambuyo pake kuti tsiku limenelo mwamuna wake anaona kuti sanavutike pachabe. Anamwalira ndi chibayo pa 11 Malichi 1971 ku Salt Lake City ali ndi zaka 64, ali ndi mapatenti pafupifupi 300 a ku America ndi a maiko ena.

Amene anathandiza kudzutsa dzina lake anali ana asukulu. Ana a pulayimale ina ku Utah anapempha aphungu a chigawo chawo mosatopa, mpaka mu 1990 chiboliboli chake chinaikidwa m'nyumba ya malamulo ya dziko la America ku Washington. Kuno kwathu Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, patapita zaka 28 iye atamwalira.

Zimene ndatolapo

Mapatenti si nkhani ya ku America yokha. Kuno kwathu amalembetsedwanso, ndipo Malawi ndi membala wa bungwe la ARIPO, limene linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka mu 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Kumeneko kuli ounika mapatenti ngati aja anaunika za Philo. Makampani opanga mafoni mpaka lero amapempha mapatenti pa tinthu ngati kandandalikidwe ka timadontho tija ndinationa m'dontho la madzi. Aphunzitsi anandichenjezanso kuti malamulo anasintha: m'maiko ambiri, ndiponso ku America kuyambira 2013, mwini luso ndi amene wayamba kupereka pempho, ndipo ukaonetsa chinthu chako pagulu usanapemphe, ounika akhoza kunena kuti sichatsopanonso. Ndiye pepala losungitsa kwa aphunzitsi si patenti ayi.

Komabe ine ndagula kope lapadera. Nzeru iliyonse yobwera ndili panjira yochokera kusukulu kapena ndikuyanika usipa pathandala, ndimailemba, kujambula, kuika deti, n'kukaonetsa aphunzitsi kuti asainire. Ndazindikira kuti polemba m'pamene umaona ngati nzeru yako ili ndi miyendo kapena ndi maloto chabe. Zambiri mwa zanga zikumagwa ndikangoyamba kuwerengetsera mphamvu ya batire, ndipo apa m'pamene Masamu ndi Fizikisi zasiya kundinyansa.

Tinayamba Fomu 1 tili ambiri. Ena pano ali panyanja usiku uliwonse, ena akusonkha ndalama ya pasipoti kuti alowere ku Joni, ena anakwatiwa. Inenso kunyumba funso limabwera mwezi uliwonse fizi ikavuta. Sindikunena kuti aliyense wa ife adzakhala Farnsworth, ndipo mwaona nokha kuti ngakhale iyeyo sanafe wolemera. Koma anali ndi munda, jenereta yofaifa, magazini akale ndi mphunzitsi mmodzi womvetsera. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anali ndi zochepa kuposa pamenepo pamene anamanga makina ake amphepo opangira magetsi. Ifenso mizere tili nayo, zinthu zakufa zofuna kukonza n'zosayamba, ndipo aphunzitsi ali pompano.

Kwa aphunzitsi athu pempho langa ndi limodzi: mwana akakubweretserani chojambula chooneka ngati chamisala, musayatsire mbaula. A Tolman anasunga.

Amene akufuna kuona mapikiselo ndi maso ake andipeze pa buleki pansi pa mtengo wa mango. Abwere ndi foni yobwereka mwaulemu, dontho la madzi ndibweretsa ine. Dontho limodzi lokha, musamize foni ya eni ake.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2